Theka la Sekondi Lomwe Linagwiritsa Mbava: Mmene Akatswiri Amayezera Mapulogalamu a Kompyuta

Kumapeto kwa Malichi 2024, Andres Freund, katswiri wa mapulogalamu wochokera ku Germany yemwe amagwira ntchito ku Microsoft, anali pa ntchito yoti ambiri angasinze nayo. Ankayeza liwiro la PostgreSQL, pulogalamu yosungiramo zinthu monga maina a makasitomala ndi maakaunti awo, yomwe wakhala akuthandiza kuikonza kwa zaka zambiri. Woyeza liwiro amafuna kompyuta yodekha, yopanda china cholimbirana mphamvu ndi chomwe akuyezacho, choncho Freund anayamba kusuzumira tizinthu tonse tomwe tinkagwira ntchito cham'mbali. Apa m'pamene anaona kuti sshd, kapulogalamu komwe kamakhala ngati mlonda wa pageti munthu akamalowa mu kompyuta ali kutali, kankadya mphamvu za makinawo mopitirira muyezo. Kulowa komwe kale kunkatenga masekondi pafupifupi 0.3 tsopano kunkatenga 0.8.

Kusiyana kwake ndi theka la sekondi basi, nthawi yophethira kawiri.

Wina akanangoti makina atopa, n'kudzuka kukamwa tiyi. Freund anatsata mapazi. Mapaziwo anakamufikitsa ku xz Utils, kapulogalamu kopanikiza mafayilo kuti achepe, komwe kali m'makompyuta pafupifupi onse oyendera Linux, ndipo makompyuta amenewa ndi omwe asenza mbali yaikulu ya intaneti. Munthu wina wodzitcha Jia Tan anali atatha zaka zoposa ziwiri akuthandiza pa ntchito ya xz mwaulemu ndi mwakhama, mpaka mwini ntchitoyo, Lasse Collin, yemwe ankaisamalira mongodzipereka, anamukhulupirira n'kumupatsa makiyi. Atalandira makiyi, Jia Tan anaboola khomo lachinsinsi loti azilowera m'makompyuta olandira xz yatsopanoyo. Pa 29 Malichi Freund anaulula zonse, khomolo lisanafike m'makompyuta ambiri a mabanki, makampani ndi maofesi a boma.

Nkhaniyi inatchuka ngati nkhani ya umbava, koma mbavayo siinagwidwe ndi mlonda ayi. Inagwidwa ndi sikelo. Freund ankadziwa mmene chinthucho chinkalemerera dzulo, n'chifukwa chake anazindikira kuti lero chalemera mwachilendo. Ndipo kuyeza kotereku ndi gawo lalikulu la ntchito ya opanga mapulogalamu, ngakhale kuti munthu wodina foni yake m'minibasi sakuona.

Chovuta n'chakuti pulogalamu siigwirika. Wogula njerwa amaigogoda n'kumva kulira kwake kuti adziwe ngati inapsa. Wogula chitenje amachikoka n'kuchiyang'anitsa padzuwa. Pulogalamu ndi malangizo olembedwa, mizere masauzande kapena mamiliyoni yomwe eni ntchito amaitcha khodi, youza makina chochita sitepe ndi sitepe. Khodi yoola ndi khodi yolimba zimaoneka chimodzimodzi pa sikirini mpaka tsiku la tsoka. N'chifukwa chake kwa zaka zoposa 50 akatswiri akhala akupanga masikelo awo, ena oyezera mmene khodi inalembedwera, ena oyezera mmene pulogalamu ikuthamangira ikafika m'manja mwa anthu. Palibe ngakhale imodzi mwa masikelowa yomwe imanena zoona zonse.

Sikelo yoyamba yomwe mabwana anaiganizira inali yophweka: kuwerenga mizere, wolemba yambiri ndiye wakhama. Mu 1982 mamanijala a gulu lomwe linkapanga kompyuta ya Lisa ku Apple analamula kuti Lachisanu lililonse katswiri aliyense azidzaza fomu yonena mizere yomwe walemba sabata imeneyo. Bill Atkinson, yemwe analemba QuickDraw, pulogalamu yojambula zinthu pa sikirini, anali atangolembanso chigawo china m'njira yachidule. Chigawocho chinayamba kuthamanga mowirikiza pafupifupi ka 6, ndipo mizere 2,000 inasanduka yosafunika, iye n'kuichotsa. Pa fomu analemba kuti -2000. Patapita masabata ochepa anasiya kumufunsa za fomuyo. Kulipira mmisiri potengera matumba a simenti omwe wamaliza kuli ngati kumupempha kuti awononge simenti, koma mpaka lero alipo mabwana amene amakopekabe ndi nambala zamtunduwu chifukwa n'zosavuta kuziika mu lipoti.

Maso a mnzako

Njira yakale kwambiri yomwe ikugwirabe ntchito ndi yoti munthu wina awerenge zomwe walemba. Pometa, munthu sadziona kunkhongo. Mu 1976 Michael Fagan wa ku IBM anafalitsa ndondomeko yoti kagulu ka anthu kazikhala pansi n'kumawerenga khodi mzere ndi mzere, wina akutsogolera, wina akulemba zolakwika. Masiku ano zimachitika pa sikirini, pa malo ngati GitHub. Wolemba amatumiza zomwe wasintha, mizere yochotsedwa ikuoneka yofiira, yowonjezedwa yobiriwira, ndipo mnzake amalemba timafunso pambali: nanga wina akaika ziro apa? Bwanji dzina ili silikunena zomwe chinthuchi chimachita? Kodi izi sitinazilembe kale pena pake? Ku Google, lamulo n'lakuti chosintha chilichonse chionedwe ndi munthu wina chisanalowe m'nkhokwe ya khodi.

Koma maso amatopa. Pa 31 Disembala 2011, kachigawo katsopano kanalowa mu OpenSSL, pulogalamu yomwe imabisa zinsinsi za anthu pa intaneti, katawerengedwa kale ndi munthu wachiwiri. Ntchito ya kachigawoko inali yoti makompyuta awiri azitsimikizirana kuti onse adakali maso. Imodzi imati, ndibwezere mawu oti nsima, ali ndi zilembo 5, inzake n'kubweza. Chomwe wolemba ndi wowerenga onse sanaone n'chakuti palibe pomwe kompyuta yoyankhayo inkatsimikiza nambalayo. Wakuba akanatha kunena kuti ndibwezere mawu oti nsima, ali ndi zilembo 60,000, ndipo kompyuta inkabweza nsimayo pamodzi ndi zilembo zina zonse zomwe zinali pafupi m'chikumbumtima chake, kuphatikizapo mapasiwedi a anthu ena. Bowolo, lomwe linatchedwa Heartbleed, linakhala lotsegula zaka ziwiri mpaka linalengezedwa mu Epulo 2014.

Pofuna kuthandiza maso, akatswiri anapanga mapulogalamu owerenga mapulogalamu anzawo. Kholo lawo ndi lint, yomwe Stephen Johnson analemba ku Bell Labs mu 1978, n'kuitcha dzina la tiulusi tomwe timamatirira pa zovala. Zidzukulu zake monga ESLint ndi SonarQube zimapeza zinthu zomwe munthu wotopa amadumpha: chinthu chomwe chagwiritsidwa ntchito chisanapatsidwe mtengo wake, mizere yomwe makina sangaifikire, malo omwe wina anangokopera n'kumata kanayi. Mu Febuluwale 2014 Apple inachita manyazi pamene zinadziwika kuti mzere umodzi wa mawu awiri, goto fail, unalembedwa kawiri motsatizana mu khodi ya iPhone ndi Mac, ndipo kubwerezako kunkachititsa makina kudumpha sitepe yotsimikizira ngati tsamba la pa intaneti n'lenileni kapena lachinyengo. Chida chofufuza mizere yosafikirika chikanakuwa nthawi yomweyo.

Zida zomwezi zimawerenganso mphambano. Paliponse pomwe khodi ikunena kuti ngati zili chonchi pita uku, apo ayi pita uko, njira yagawikana. Thomas McCabe, mu 1976, anati kachigawo kamodzi kasapitirire njira 10, chifukwa kupitirira apo mutu wa munthu sungazisunge zonse, ndipo chomwe sungachisunge m'mutu sungachikonze mosaopa. Khodi yopiringizika imatha kugwira ntchito bwinobwino lero. Mtengo wake umaoneka chaka chamawa, pamene wolembayo wasiya ntchito ndipo wolowa m'malo akutha sabata yathunthu pa chinthu cha ola limodzi. Ward Cunningham mu 1992 anaitcha ngongole, ndipo kunena zoona ndi ngongole ya katapila: kudula njira kuti pulogalamu ituluke msanga n'kukongola nthawi, ndipo chiwongoladzanja chimakwera mwezi uliwonse umene simunabweze.

Kuyesa chinthu pochifunira zoipa

Kuwerenga n'kwina, kuyendetsa n'kwina. Mbali yaikulu ya chitetezo cha pulogalamu ili m'mayeso, omwe nawonso ndi timapulogalamu tolembedwa kuti tizifunsa pulogalamu yaikuluyo mafunso omwe mayankho ake akudziwika kale.

Tiyerekeze munthu akulemba pulogalamu yotumizira ndalama pafoni, ya mtundu wa Mpamba kapena Airtel Money. Mayeso oyamba n'ngosavuta: mu akaunti muli K10,000, munthu watumiza K4,000, chodulidwa tinene kuti ndi K200, zotsala zikhale K5,800. Pulogalamu ikayankha china, nyali yofiira. Wophunzira kumene amalekera pamenepa n'kumwetulira. Wozolowera ntchito ndi pamene amayambira, chifukwa amaganiza ngati munthu wovuta. Nanga wina akatumiza K10,000 yonse, chodulidwa chichokera kuti? Akatumiza K0? Akalemba -500, kodi ndalama sizibwerera chammbuyo kuchoka kwa wolandira? Akadina kawiri chifukwa foni yachedwa kuyankha, zipita kawiri? Ndipo funso lomwe limawasowetsa tulo: netiweki ikaduka ndalama zitachoka kale kwa wotumiza koma zisanafike kwa wolandira, zikhala kuti? Mayeso otere amakhalapo mazana kapena masauzande, ndipo makina amawayendetsa onse nthawi iliyonse yomwe wina wasintha ngakhale mzere umodzi, kuti chokonzedwa lero chisaphwanye chomwe chinkayenda dzulo.

Zolakwika zimakonda m'malire, pomwe chinthu chikutha ndi pomwe china chikuyamba. Pa 31 Disembala 2008, tizipangizo toimbira nyimbo ta Microsoft totchedwa Zune tinauma tsiku limodzi m'mayiko osiyanasiyana. Chaka cha 2008 chinali cha masiku 366, ndipo khodi yowerengera kalendala itafika pa tsiku la 366 inayamba kuzungulira pamalo amodzi osatulukamo. Mankhwala ake anali kudikira kuti kuche.

Amene akufuna kuona kuyesa kofika pamapeto ayang'ane SQLite, kapulogalamu kosungira zinthu komwe D. Richard Hipp anayamba mu 2000. Kali mu foni iliyonse ya Android ndi iPhone, kotero wowerenga nkhaniyi mwina ali nako m'thumba. Malinga ndi eni ake, mu 2023 khodi ya SQLite inali mizere pafupifupi 156,000, koma mizere ya mayeso ake inali yochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 590. Amakayesa ngati magetsi azima pakati pa kulemba, ngati malo osungira adzaza mwadzidzidzi, ngati fayilo yaonongeka, ndiponso amakathira zinyalala zosamveka mamiliyoni kuti aone ngati kagwa. Mphambano iliyonse mu khodi yake imayesedwa mbali zonse ziwiri.

Nambala yomwe imanena gawo la khodi lomwe mayeso adutsamo amaitcha coverage, ndipo mabwana amaikonda ngati mmene a ku Apple ankakondera mizere. Kampani ikalamula kuti ifike 80 peresenti, imafikadi. Chinsinsi chake n'chakuti munthu akhoza kulemba mayeso odutsa mu mzere uliwonse koma osafunsa ngati yankho lili lolondola, ngati mlonda wozungulira mpanda usiku wonse atatsinzina. Ochenjera amayesa mayeso enieniwo: amaononga khodi mwadala, pomwe panali kuphatikiza n'kuikapo kuchotsera, kenako n'kuona ngati nyali yofiira iyaka. Ikapanda kuyaka, mlonda uja wagwidwa ali mtulo. Katswiri wa ku Netherlands, Edsger Dijkstra, anachenjeza kalekale kuti mayeso amangosonyeza kuti cholakwika chilipo, sangatsimikize kuti kulibe.

Roketi ya Ariane 5 inaphunzitsa phunziroli modula. Pa 4 Juni 1996 inanyamuka ku Kourou, ku French Guiana, itanyamula masetilaiti anayi, ndipo pasanathe masekondi 40 inakhota n'kuphulika. Pulogalamu yake yodziwira komwe ikulowera inatengedwa ku Ariane 4, komwe inagwira ntchito zaka zambiri popanda vuto. Koma Ariane 5 inkapita cham'mbali mwaliwiro kwambiri kuposa mkulu wakeyo, ndipo nambala ina inakula kupitirira 32,767, malire a kabokosi komwe inkayenera kulowamo. Kompyuta yodikirira pambali inali ndi khodi yomweyo, choncho inafa imfa yomweyo. Komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi Jacques-Louis Lions, inapeza kuti chipangizocho sichinayesedwe ndi nambala za ulendo weniweni wa Ariane 5. Chopweteka kwambiri, kachigawo komwe kanagwako kanalibenso ntchito roketi ikangochoka pansi.

Liwiro, ndi bodza la avereji

Pulogalamu ikhoza kuyankha molondola koma n'kukhala yosathandiza chifukwa choyankha mochedwa. Jakob Nielsen, katswiri wa mmene anthu amagwiritsira ntchito makompyuta, anatchukitsa malire atatu mu 1993: chinthu chikayankha mkati mwa sekondi 0.1 munthu amaona ngati n'chapompopompo, chikafika sekondi imodzi amazindikira kuchedwako koma maganizo ake saduka, chikapitirira masekondi 10 mtima wake wapita kale kwina. Google inaika malire akeake mu 2020, ndipo amodzi mwa iwo amati chinthu chachikulu pa tsamba chizioneka pasanathe masekondi 2.5.

Funso ndi lakuti masekondi a ndani. Tinene kuti anthu 100 atsegula pulogalamu, 99 ayankhidwa mu sekondi imodzi, mmodzi wadikira masekondi 100. Avereji ikhala pafupifupi masekondi awiri, lipoti likongola, koma palibe ngakhale mmodzi amene anadikira masekondi awiri, ndipo amene anavutika uja wabisika. Pa anthu miliyoni imodzi, ovutikawo ndi 10,000. N'chifukwa chake odziwa ntchito safunsa avereji. Amandandalika anthu kuyambira woyankhidwa msanga mpaka wochedweredwa kwambiri, n'kuyang'ana wa nambala 95 kapena 99 pa 100 aliwonse, zomwe amazilemba kuti p95 ndi p99. Kumchirako n'komwe kumakhala choonadi, ndipo kawirikawiri wokhala kumchira ndi kasitomala wakale wokhala ndi zinthu zambiri mu akaunti, kapena munthu wa foni yotchipa pa netiweki yofooka.

Apa pali nkhani yokhudza dera lathu mwachindunji. Ambiri opanga mapulogalamu otchuka amakhala m'maofesi a intaneti yothamanga, ali ndi mafoni atsopano, ndipo chomwe chikuuluka pa desiki yawo chimakwawa chikafika kumudzi komwe netiweki imapezeka pachulu. Mu 2015 Facebook inavomereza vutoli m'njira yoseketsa: inayambitsa zomwe inazitcha 2G Tuesdays, zoti Lachiwiri lililonse wogwira ntchito wofuna azichepetseredwa intaneti kwa ola limodzi kuti alawe zomwe anthu a ku India ndi mayiko ena amakumana nazo. Chaka chomwecho inatulutsa Facebook Lite, yopepuka komanso yosadya bandulo kwambiri. Kukula kwa pulogalamu, kuchuluka kwa deta yomwe imameza ndi mmene imathera batire, zonsezi zimayezedwa, kapena tinene kuti zimayenera kuyezedwa.

Kudziwa kuti pulogalamu ikuchedwa n'kosavuta. Kudziwa pomwe ikuchedwera ndiye ntchito, ndipo akatswiri akangoganizira osayeza amaphonya kawirikawiri. Chida chake amachitcha profiler. Chimasuzumira pulogalamu ikugwira ntchito, kambirimbiri pa sekondi, n'kumalemba kuti panopa ili pa mzere uti. Pomaliza chimaonetsa pomwe nthawi ikuthera.

Gemu ya GTA Online, yomwe kampani ya Rockstar inatulutsa mu 2013, inapanga ndalama zankhaninkhani, koma osewera ake ankadandaula kwa zaka kuti imachedwa kutseguka. Kumayambiriro kwa 2021, wosewera wina wodzitcha t0st anatopa ndi kudikira mphindi 6 pa kompyuta yake. Analibe khodi ya gemuyo, koma anaiika pa profiler n'kupeza kuti mphindi zambirizo gemu siinkakoka chilichonse pa intaneti kapena kujambula mzinda. Inkawerenga fayilo imodzi ya mndandanda wa katundu wogulitsidwa m'gemumo, zinthu pafupifupi 63,000. Ndipo inkawerenga mopusa. Ikafuna kutenga nambala imodzi, inkayamba yayeza kutalika kwa zonse zotsala mu fayiloyo mpaka kumapeto, n'kubwereza zomwezo pa nambala yotsatira, ngati wogulitsa m'golosale amene amawerenga katundu yense wa m'shelefu asanapereke sopo mmodzi. Kenako chinthu chilichonse inkachifananiza ndi zinzake zonse zam'mbuyo poopa kubwereza, kufananiza kokwana pafupifupi 2 biliyoni, chikhalirecho mndandandawo unalibe zobwereza. Atakonza malo awiriwo, nthawi inatsika kufika pa mphindi imodzi ndi masekondi 50. Rockstar inavomereza, inakonza gemuyo, n'kumupatsa madola 10,000.

Cholakwikachi n'chosangalatsa chifukwa sichikanaoneka pachiyambi. Mndandanda uli waufupi, njira yopusayo inkatha mosazindikirika. Koma ntchito yofananiza chilichonse ndi chilichonse siikula mofanana ndi katundu: katundu akawirikiza ka 10, ntchito imawirikiza ka 100. Mayeso onse akanayaka zobiriwira, pakuti yankho linali lolondola. Chinkafunika ndi munthu woti akwiye mokwanira n'kuyeza.

Kuchuluka kwa anthu nakonso kumayesedwa. Zida monga JMeter zimanamizira anthu masauzande olowa nthawi imodzi kuti aone pomwe mlatho uthyokere. Boma la America linaona zotsatira zochedwa kuchita zimenezi pa 1 Okutobala 2013, pomwe linatsegula HealthCare.gov, tsamba logulirapo inshuwalansi ya zaumoyo. Zigawo zake zinapangidwa ndi makampani osiyanasiyana, ndipo kuziyesa zonse pamodzi kunangochitika m'masabata omalizira. Anthu mamiliyoni anakhamukirako, ndipo zolemba za m'kati mwa boma zinaonetsa kuti tsiku loyambalo amene anamaliza kulembetsa anali 6.

Ikatuluka panja

Popeza palibe mayeso ogwira zonse, makampani osamala satulutsa chinthu chatsopano kwa anthu onse nthawi imodzi. Amayamba ndi kagulu kochepa, mwina mmodzi pa 100 aliwonse, n'kumayang'ana manambala: kodi zolakwika zachuluka, kodi p99 yakwera? Zikaipa amabweza msanga. Njirayi inatenga dzina la canary, kambalame komwe anthu okumba malasha ku Britain ankatsika nako mumgodi kuti kakafooka adziwe kuti mpweya waipa. Netflix inapita patali: inapanga Chaos Monkey, pulogalamu yomwe ntchito yake n'kuzimitsa maseva a kampaniyo mwachisawawa nthawi ya ntchito, akatswiri ali m'maso, kuti aone ngati makasitomala angapitirize kuonera mafilimu.

Pa 19 Julayi 2024 dziko linaona zomwe zimachitika kambalameko kakasiyidwa kunyumba. CrowdStrike, kampani yoteteza makompyuta, inatumiza kafayilo katsopano kwa makasitomala ake onse a Windows pakamodzi. Kafayiloko kankayembekezera zinthu 21, pulogalamu inali nazo 20, ndipo pofunafuna cha 21 makina ankagwa n'kuonetsa sikirini yabuluu. Kampaniyo inabweza kafayiloko patatha mphindi 78, koma madzi anali atatayika kale. Microsoft inati makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anakhudzidwa. Zipatala zinaimitsa maopaleshoni, ntchito za mabanki zinasokonekera, ndipo kampani ya ndege ya Delta yokha inalepheretsa maulendo pafupifupi 7,000. Pambuyo pake CrowdStrike inalonjeza kuti mafayilo otere izidzawatulutsa pang'onopang'ono.

Choopsa kuposa pulogalamu yogwa ndi pulogalamu yolakwitsa mwakachetechete, eni ake n'kumaumirira kuti siilakwa. Aliyense amene anagwirapo ntchito ya ejenti wa ndalama za pafoni amadziwa mantha a madzulo, pamene buku likunena china, ndalama za m'thumba zikunena china, ndipo zashota. Ku Britain, kuyambira 1999, oyendetsa mapositi ofesi ang'onoang'ono anapatsidwa pulogalamu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi Fujitsu. Inkaonetsa kuti ndalama zashota pomwe sizinashote. Oimba foni kudandaula ankauzidwa kuti vutoli lili ndi iwo okha. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 anapezeka olakwa pa milandu ya kuba ndi chinyengo, ena anapita kundende, ena anagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zomwe sanabe, ndipo ena anadzipha. Mu 2019, pa mlandu womwe anthu 555 otsogozedwa ndi Alan Bates anasuma, khoti lalikulu linapeza kuti Horizon inali ndi zolakwika zambiri, ndipo zina zinali zodziwika kale kwa oisamalira. Apa sikelo inalipo, madandaulo ankabwera, zolakwika zinkalembedwa. Chinasowa ndi munthu waudindo wofuna kumva. Mu 2024 nyumba ya malamulo inachita kukhazikitsa lamulo lapadera lofafaniza milanduyo.

Nkhani ya xz ili ndi mbali ina yomwe imawawa akatswiri akaikumbukira. Jia Tan ankadziwa bwino masikelo onsewa, ndipo anadziwa pomwe maso safika. Khomo lake lachinsinsi sanalilembe mu khodi yomwe anthu amawerenga. Analibisa m'mafayilo a mayeso, mafayilo ooneka ngati zinyalala zoonongeka mwadala zoyesera pulogalamu, omwe palibe amene amawatsegula chifukwa aliyense amaona ngati wowonjezera mayeso ndi munthu wosamala. Owerenga khodi anadutsa. Mayeso anayaka zobiriwira. Chida china chotchedwa Valgrind chinadandaulapo, ndipo Jia Tan anafulumira kutulutsa xz ina yotseka pakamwa chidacho. Chomwe sanathe kubisa ndi nthawi yomwe khomolo linkadya.

Freund mwiniwake ananena poyera kuti zinatengera mwayi wambiri kuti azindikire. Koma mwayiwo unapeza munthu yemwe anali ndi nambala ya dzulo m'manja ndipo sanavomere kuti 0.3 isanduke 0.8 popanda chifukwa. Makampani ogawa Linux anabweza xz yoipayo m'masiku ochepa, Lasse Collin anachotsa khomolo n'kuyamba kuunikanso zomwe mnzake uja anakhudza, ndipo mpaka lero dziko silikudziwa kuti Jia Tan anali munthu mmodzi kapena gulu.